Chiliza Chidikire Mvula

Liwonde,
Loweruka masana.

Mwana wanga Felista,

Ndakhala pakhonde kuti ndikulembere, ngakhale kuti tikukhala m'nyumba imodzi ndipo madzulo ano tidyera pamodzi. Chifukwa chake ukuchidziwa. Ine ndikayamba kulankhula nawe pakamwa, mawu amatuluka ngati ndikuwerenga chidziwitso cha ku ofesi, iwe n'kuyang'ana pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa pepala ndimatha kufufuta ndi kuyambiranso. Tsono uwerenge mpaka kumapeto, usalumphe ndime, pakuti chachikulu chili kumunsi ndipo sichingamveke bwino usanadutse zapamwambazi.

Ndiyambe ndi kulongosola pamene nkhani yaima, kuti tisatsutsane pa zimene tonse tikuzidziwa. Che Twaibu, amene akhala akukuphunzitsa kuyala matailosi, anakupezera malo kwa mnzawo amene akumanga nyumba zogona ana a sukulu ku Mzuzu. Ukuyembekezeka kumeneko Lolemba m'mawa, ndipo ukapanda kufika atenga wina. Basi yake ndi ya mawa. Koma m'mawa wa lero, ukutsuka makapu, wandiuza osandiyang'ana kuti supita mpaka utayala matailosi pa chiliza cha mayi ako ku Ngokwe, chifukwa wamva kuti amalume ako a Bonifasi alankhula kale ndi mmisiri wina wa ku Ntaja. Chikwama chako chili pabedi chopanda kanthu. Makatoni a matailosi abuluu amene unagula ali kuseri kwa chitseko. Iweyo wapita kumsika, ndipo ndikuganiza kuti wapita kukandithawa. Umo ndi mmene zilili. Yankho langa ndi lakuti ukwere basi ya mawa.

Kunja kuno dzuwa la Okutobala laimitsa chilichonse. Mbuzi za oyandikana nafe zagona patsinde pa mlambe ngati zaiwala kuti ndi zamoyo, ndipo phiri la Chinguni likuoneka ngati likuyandama pa utsi. Posachedwapa sitima ya katundu yadutsa pa mlatho wa Shire, pang'onopang'ono, ndipo ndinangozindikira kuti ndaimika cholembera, kudikira kuti mayi ako anene zimene ankanena nthawi zonse ikamadutsa, kuti imeneyo yanyamula mchere wa kwa agogo awo ku Mozambiki. Sankadziwa chimene yanyamula. Ankangofuna kuti chilichonse chochokera kum'mawa chikhale chachibale. Kuyambira mwezi wa Meyi pamene tinawaika m'manda, ndimadikirabe mawu amenewo sitima ikamalira. Choncho usaganize kuti amene akukuuza kuti upiteyu ndi munthu amene waiwala.

Ndikukumbutse mmene unayambira ntchitoyi, chifukwa pamenepo ine ndinakuwerenga molakwa. Utalemba mayeso a Fomu 4, zotsatira zitabwera zosakwanira uphunzitsi, ndinalamula kuti ubwereze. Ndinali nditakonza kale moyo wako m'mutu mwanga, mzere ndi mzere, monga ndinkasanjira mafailo pa shelefu zaka zonse zimene ndinasunga kaundula ku boma. Nthawi imeneyo ndi imene Che Twaibu ankayala matailosi m'holo ya parishi, ndipo iwe, amene unatumidwa kukangosesa pamodzi ndi atsikana a kwaya, sunabwererenso ku tsache. Unkafika madzulo mawondo ali mbuu, zala zitang'ambika ndi simenti. Ndinakufunsa ngati ndinakutumiza ku sukulu kuti uzikagwada pamaso pa anthu. Mayi ako, amene ankasenda chinangwa pamenepo, anayankha osadzutsa mutu kuti iwo akhala akugwada pamaso panga chikwatiwire ndipo palibe pansi pamene panawala, bola mwanayu akagwada pamatsala chooneka. Ndinakhala masiku osalankhula ndi aliyense wa inu. Kenako ndinapita ndekha kukaona holo ija, kulibe munthu. Dzuwa linkalowa pa mawindo n'kugona pansi ponse ngati madzi a nyanja ya Chiuta m'mawa, ndipo mizere inali yowongoka kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo, yonse yotalikirana mofanana. Ndinavula nsapato popanda wondiuza. Pamenepo ndinazindikira kuti ntchito yako ndi yanga ndi pachibale, pakuti tonse timaika chinthu pamalo pake kuti wobwera m'mbuyo asapunthwe. Ndinachedwa kuziona. Pa nkhani ya leroyi sindikufuna kuchedwanso.

Mayi ako ankakonda kutola timitanda tija ta pulasitiki timene mumaika pakati pa matailosi kuti mipata ifanane. Ankatipeza m'matumba a ovolosi yako pochapa, n'kumatisunga m'kambale pafupi ndi kolona wawo. Tsiku lina Che Twaibu atabwera kudzakutenga, anawaonetsa kambale kaja n'kuwafunsa ngati ku mzikiti akudziwa zimene iwo amayenda nazo m'thumba.

"Mayi, musakanene kwa ashehe," anatero Che Twaibu. "Ine ndili ndi mitanda yambiri kuposa abambo mfumu anu. Kungoti yanga ndimaizula ntchito ikauma."

Tsiku lomwelo unawapempha mayi ako kuti uyale matailosi pabalaza pathu pano. Anakana, nati pansi poterera ndi pa anthu amene sasenza ndowa pamutu, ndipo matailosi akowo iwo adzagona kunsi kwake, osati kuyenda pamwamba pake. Tonse tinaseka, Che Twaibu mpaka kutsokomola. Ndikudziwa kuti mawu amenewo ndiwo akukugwira mwendo lero. Iwe wawatenga ngati lamulo la womwalira, ndipo ine sindikutsutsa, ndinalipo, ndinamva. Koma ndinamvanso zimene sananene. Sanatchule mwezi, sanatchule chaka. Munthu amene wasunga zolembedwa moyo wake wonse amadziwa kuti pa mzere pamene mwini sanalembepo tsiku, wina alibe ufulu wolembapo lake.

Tsono imva za ine ndi mapepala onyowa. Chaka china, ndikadali mnyamata pa ntchito ku Balaka, mphepo ya mvula yoyamba inasasula malata a chipinda chosungiramo mafailo, ndipo madzi analowa Loweruka ndi Lamulungu lonse. Lolemba tinapeza mapepala ali mbwee pansi, onse onyowa. Anzanga anati tiwayanike pa udzu ndi pa mpanda, tiwasiye ayambe auma. Ine sindinapirire kuona maina a anthu ali pabwalo ngati makaka, mbuzi zikununkhiza, odutsa akuloza. Ndinatola gawo langa likadali ndi chinyezi, ndinalisanja bwinobwino motsata manambala, ndinalimanga ndi chingwe n'kulibwezera pa shelefu. Madzulo ake mbali yanga yokha ndiyo inkaoneka ya ulemu, ndipo ndinapita kunyumba ndikudziyamikira. Patapita miyezi, mayi wina wokalamba anabwera kudzafuna kalata ya malo a mwamuna wake. Nditamasula mtolo uja, unali njerwa. Mapepala anali atagwirana, inki itadutsa tsamba ndi tsamba, chuku chitamera pakati. Mapepala a anzanga aja, amene anakhala pabwalo mochititsa manyazi, anali okwinyika koma owerengeka. Sindinalakwe chifukwa cha ulesi kapena kusasamala, Felista. Ndinalakwa chifukwa chowakonda mapepalawo ndi kufuna kuti aoneke bwino msanga. Kufulumira kwa mtundu umenewo n'kovuta kukuzindikira, chifukwa mwini wake amaganiza kuti ndi ulemu.

Ukhoza kunena kuti mapepala si manda. Chabwino, imva za manda. Bambo anga, agogo ako amene sunawaone, atamwalira kwathu ku Utale, ine ndinali mwana yekhayo wa pa ntchito ya boma, ndipo ndinkamva ngati mudzi wonse ukundiyang'ana kuti ndichita chiyani. Tinawaika m'chilimwe, ndipo mvula isanagwe ndinali nditamangitsa kale chiliza cha njerwa ndi simenti, chopaka laimu, dzina lolembedwa ndi dzanja langa. Anthu anadya, anaimba, anandiyamika. Mvula itabwera, dothi la m'manda linachita zimene dothi lokumbidwa limachita: linamwa madzi n'kutsika. Chiliza chinapendekera kumutu, kenako chinang'ambika pakati, mng'alu n'kudutsa pa dzina lenilenilo. Mpaka lero ndikapita kumeneko, bambo anga amaoneka ngati munthu amene akuyesa kudzuka pa mphasa koma chigongono chaterereka. Kuchigumula ndi nkhani ya mudzi wonse, kuchisiya kumandipweteka ndekha. Manda a mayi ako sanaonepo mvula ndi imodzi yomwe. Dothi la ku Ngokwe ukulidziwa, mchenga pamwamba, lakuda pansi, lotupa m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe. Usayale pa nthaka imene ikadali kuyenda.

Zimenezi ukuzidziwa kuposa ine, ndipo ndicho chikundidabwitsa. Kodi si iwe unandiuza kuti Che Twaibu anakana ntchito ya sitolo ina pa Ulongwe chifukwa mwini wake anathira simenti ya pansi dzana lake n'kufuna matailosi tsiku lomwelo? Kodi si iwe umalowa m'nyumba za anthu n'kumagogoda pansi ndi chala, kumvetsera pamene pakulira ngati ng'oma, n'kundinong'oneza kuti apa m'kati muli mphako, pasweka chaka chisanathe? Unachita zimenezo ngakhale pa ukwati wa msuweni wako, anthu akuvina. Kwa alendo umakana kuyala pamalo osakhwima. Ndiye mayi ako ndiwo uwachitire ntchito imene sungachitire mlendo?

Pali china chimene uyenera kumva kwa ine, chifukwa ena akuopa kukuuza. Manja akonso sanakhazikike. Wayala pansi pa zipinda, ndipo wayala bwino, koma nthawi zonse Che Twaibu amakhala atakukokera kale chingwe ndi kukuikira tailosi yoyamba. Chiliza si chipinda. Chili ndi makona akunja, masitepe, m'mphepete mopyapyala, mtanda kumutu, ndipo chimakhala padzuwa ndi pamvula popanda denga. Ndinawafunsa Che Twaibu mosabisa ngati ungachithe. Anayamba akanda ndevu, kenako anati ungachithe mokondweretsa anthu pa tsiku la mwambo, koma osati mokondweretsa iwe mwini zaka zikapita. Anati ku Mzuzu kuli masitepe, mabafa, makoma ndi makona okwanira kukuphunzitsa zimene kuno ntchito zake sizipezeka kawirikawiri. Ukapita ku Mzuzu tsono sukuthawa mayi ako. Ukukatenga manja amene adzawagwirire ntchito.

Ndikuuzenso za ulendo umene ine sindinayende. Uli wakhanda, anandisankha kuti ndipite ku ofesi ya kumpoto, pamodzi ndi kukwezedwa pa udindo. Ndinapempha kuti andidikire ndimalize kufolera nyumba ino. Nditafolera, ndinapempha kuti andidikire tikolole. Titakolola, malo aja anali atapita kwa wina, ndipo sanandifunsenso. Zifukwa zanga zonse zinali zoona ndi zolemekezeka, ndipo kuopsa kwake n'komweko, pakuti zikanakhala zabodza ndikanachita nazo manyazi n'kunyamuka. Kumpoto sindinafikeko mpaka lero. Ndimakudziwa m'maina a pa maenvulopu okha, ndipo masana ngati ano, kutentha kukandilemetsa zikope, ndimakuona: mitengo ya paini itaima m'nkhungu, anthu atavala majuzi mwezi umene ife tikugona panja, msewu ukukwera phiri mpaka mitambo n'kutsalira kunsi kwa basi. Mwina sikuli choncho. Udzandilembere kuti ndikonze zimene ndakhala ndikuganiza. Mayi ako sanandidzudzulepo pa nkhani imeneyi, koma akaona basi yolembedwa Mzuzu pa siteji, ankaiyang'ana mpaka itakhota. Kwera basi ya mawa, Felista.

Ukafika, ukanene zoona za msinkhu wako pa ntchito. Akakufunsa ngati ndiwe mmisiri, ukayankhe kuti pansi umatha ndipo zotsalazo wabwera kudzaphunzira. Amuna a pa ntchitopo adzakuyesa, ena ndi nthabwala, ena ndi kukutuma madzi tsiku lonse kuti usagwire mpeni wa simenti. Madzi ukatunge tsiku loyamba, pakuti aliyense watsopano amatunga. Tsiku lotsatira ukalawire iwo asanafike, ukakoke chingwe chako, akupeze utagwada kale. Usakayambe kumata usanayale mzere wa matailosi ouma kuti uone kumene zidutswa zikagwere. Zimenezi ndinakumva ukuzinena wekha, ndikungokubwezera. Levulo yako, yoyezera ija ngati pansi palingana, usabwereke munthu. Podula ndi makina uziphimba mphuno ndi pakamwa ngakhale akuseke, chifukwa chifuwa cha Che Twaibu ndimachimva ndili m'nyumba iwo akadali kumsewu. Mawondo uziwayalira, masiponji amene mayi ako anakusokera m'nsalu ali pa chingwe kuseri, ndawachapa ndekha, usawaiwale. Kumeneko akuti kumazizira, ndiye zomatira zimachedwa kugwira. Usaponde pa ntchito ya dzulo chifukwa choti kuno ikanakhala itauma, ndipo usalole bwana aliyense kupondapo, ngakhale atakhala mwini nyumba. Anthu akumeneko ali ndi chilankhulo chawo, ndipo moni wawo ukaphunzire msanga monga unaphunzirira wa Chiyao kwa Che Twaibu. Lamulungu uzipezeka ku tchalitchi. Mwamuna aliyense wokufuna ukamuuze kuti njira yake ndi ya ku Ngokwe kwa amalume ako, osati ya kuchipinda chako.

Masana a dzulo ndinawodzera pampando uno ndipo ndinalota mayi ako. Anali m'nyumba yaikulu yopanda makoma, pansi pake ponse matailosi abuluu ngati ako aja, ndipo pamwamba pake pankayenda madzi osapitirira akakolo. Ankayenda opanda nsapato, ndowa ili pamutu, osaterereka. Ndinawaitana kuti asamale, iwo osatembenuka, koma ndinaona pa mapewa awo kuti akuseka. Sindine munthu womasulira maloto, ndipo sindikufuna kuti ulitenge ngati umboni. Loto sililowa mu kaundula. Ndangokuuza kuti udziwe kuti sanaoneke ngati munthu wofulumira.

Tsopano chachikulu chija. Mantha ako ndi akuti ukachoka, mmisiri wa ku Ntaja adzamanga chiliza iwe kulibe, ndipo udzabwera kudzapeza ntchito ya mlendo pamwamba pa mayi ako. Manthawo ndi oona. Manda aja si anga. Ine ku Ngokwe ndine mkamwini, ndipo mawu otsiriza pa mbumba ndi a amalume ako. Nditaona makatoni akulowa m'nyumba muno ndinadziwa kumene mtima wako ukulowera, choncho Lachinayi, pamene ndinakuuza kuti ndili ndi zochita ku Ntaja, sindinathere pa Ntaja. Ndinakwera njinga yamoto mpaka kumudzi. Ndinapeza a Bonifasi akupuntha nandolo pabwalo, mayi ako aang'ono a Rozina akupeta. Atandiona nditavala jekete m'dzuwa limenelo, a Bonifasi anafunsa ngati boma latuma munthu kudzawerenga nandolo wawo.

Ndinawafotokozera zonse monga ndakufotokozera iwe, za dothi, za ku Utale, za ku Mzuzu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati za dothi akuzidziwa, sanayambe lero kuika maliro. Chimene chikuwafulumiza ndi pakamwa pa anthu. M'mudzi mwayamba kumveka zoti mchemwali wawo anakwatiwa ndi munthu wa ku boma koma wagona pansi pa mulu wa dothi ngati wopanda abale. A Rozina anawonjezera zawo, kuti mwana wamkazi mmodzi yekhayo wa malemu akapita kumpoto ndiye kuti wapita, akakwatiwa kwa anthu olowola, ndipo munda wa mayi ake udzamera tchire. Ndinati iyayi, ubwera. Anandifunsa kuti ndikudziwa bwanji.

"Alamu," anatero a Bonifasi ataika ndodo pansi, "inu munazolowera kuti munthu akalonjeza amasaina. Kuno tilibe pepala. Mwanayo apita Lamulungu likubwerali. Inunso mwezi wamawa tikusudzulani monga tinapangana, mubwerere kwanu ku Utale, mwina mukapezeko wina wokuphikirani. Ndiye za chiliza tidzafunsa ndani? Mutisiyira chiyani?"

Ukudziwa kuti mwa mwambo wathu mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamuna pamaso pa anthu, kumuuza kuti ukwati watha, apite kumene afuna. Mwambo umenewo unakonzedwa kuti uchitike mvula isanayambe. Ndinayang'ana kumunsi, kumene madzi a Chiuta amanyezimira ngati lata latsopano, ndipo ndinayankha mawu amene sindinawakonzekere panjira.

"Ndikusiyirani ineyo. Musandisudzule mpaka Felista atabwera kudzayala chiliza."

A Rozina anasiya kupeta. A Bonifasi anandifunsa ngati ndikumvetsa chimene ndikunena: kuti munda wa mayi ako ndidzalima ndine dzinja lino ndi linalo, kuti pa maliro ndi pa milandu ya mbumba adzandiitana monga kale ndipo ndidzakhala kumbuyo pamodzi ndi akamwini anzanga, kuti ku Utale ndizipita ngati mlendo, kuti za mkazi wina ndisaziganize n'komwe. Ndinati ndamva. Anaseka, nati chibadwire sanaonepo mkamwini wopempha yekha kuti chingwe chisamasulidwe, ndipo akukayika ngati manja a cholembera angathe mizere ya chimanga. A Rozina anati mizereyo idzakhala yowongoka kuposa ya mudzi wonse, vuto ndi lakuti idzatha anthu akukolola. Kenako a Bonifasi anatulutsa foni n'kuimbira mmisiri wa ku Ntaja uja, ine ndikumva, kumuuza kuti ntchito ija yaima. Tinagwirizana kuti manda adutse mvula ziwiri, ndipo palibe dzanja lina limene lidzawakhudze.

Ndisanabwerere anandiperekeza kumanda. Munali chete m'mitengo ija, mthunzi uli wamawangamawanga, njiwa imodzi ikulira kutali. Mulu wa mayi ako wayamba kale kutsika cha kumapazi, pang'ono chabe, ngati munthu amene akudzikonza pogona kuti apeze mbali yabwino. A Bonifasi anauonanso.

Tsono ona mmene zakhalira, mwana wanga. Ukakhala, ukhala popanda chifukwa, pakuti amalume ako salola munthu kuyala chaka chino, ngakhale iweyo, ndipo udzakhala utataya malo a ku Mzuzu pachabe. Ukapita osabwerera, bambo ako adzakalamba ali womangika pamudzi wa eni, ndipo a Rozina adzakhala kuti ananena zoona. Njira yatsala imodzi: upite, ukaphunzire makona ndi masitepe, udzabwere dothi litagona. Sindinakufunse ndisanadzipereke, ndipo uli ndi ufulu wokwiya nazo. Ukakwiyire m'basi.

Usandimvere chisoni. Ndikuuze mwachilungamo, pakuti wakula. Pobwerera pa njinga yamoto ija, fumbi lili m'maso, jekete ikukupiza kumbuyo, ndinaona kuti mtima wanga wapepuka koyamba chiikire maliro. Mwezi wamawa ndinayenera kuima pamaso pa anthu n'kumva kuti sindinenso mwamuna wa mayi ako. Tsopano, mpaka tsiku limene udzatsike pa Ntaja manja ako atakhwima, ndikadali mwamuna wawo. Choncho usachedwe kupita, komanso usafulumire kubwera.

Ndine bambo ako,
mkamwini wa ku Ngokwe.